Bondo la M'mawa ndi Bondo la Masana

Sindikumbukira chaka chimene ndinachoka kwathu. Ndikukumbukira kuti mvula inali itatha, kuti ndinali mayi wamkulu kale, ndiponso kuti ndinagwa pa ngolo ya ng'ombe ndisanafike kumene ndinkapita. Ndinagwera mkono wamanzere. Anthu anandikweza lole ya chimanga, ndipo loleyo inanditula m'tauni ya njanji, ija sitima inasiya kudutsamo koma anthu amayang'anabe uku ndi uku asanawoloke.

Kuchipatala anandiika chikhakha. Atachichotsa, mkono unatuluka wowonda, wotuwa, wopindika pachigongono ngati chikwakwa. Sunkawongoka. Ananditumiza kuchipinda cha mafizo, chowongolera ziwalo zouma, kumapeto kwa khonde, kumene kunali benchi, bedi la thabwa ndi bambo wina wamfupi wa imvi, dzina lawo a Likoswe.

Bambo Likoswe anali ndi rula yopinda. Anali marula awiri a pulasitiki olumikizidwa ndi kamsomali, pakati pali bwalo la manambala. Ankaika kamsomaliko pamfundo ya mafupa, rula imodzi n'kutsata fupa la kumtunda, inayo la kumunsi, kenako n'kuwerenga. Mkono wowongoka bwino ndi ziro. Wanga, tsiku loyambalo, unkaperewera madigiri 40.

"Mubwerenso masana," anatero.

"Masana a mawa?"

"A lero lomwe. Pitani mukakhale padzuwa, mukadye, mukachape ngati muli ndi zochapa."

Masana anapeza 30. Ndinasangalala, ndinati ndayamba kuchira. Iwo anangolemba. M'mawa mwake mkono unali pa 38, ndipo ndinalira pabenchi paja.

"Mukulira chiyani, mayi?" anafunsa. "Mkono sunabwerere m'mbuyo. Wa m'mawa timauyerekeza ndi wa m'mawa unzake. Dzulo m'mawa 40, lero m'mawa 38. Mwayenda."

Ndinalibe kwina kopita mwachangu, choncho ndinakhala. Poyamba ndinkasesa chipinda ndi kuitana odwala. Kenako ndinayamba kugwira miyendo ya anthu iwo akuyeza, kenako kuyeza iwo akuyang'ana. Anandiphunzitsa kupeza nsonga za mafupa ndi chala changa pansi pa mnofu. Anandiphunzitsa kuyeza kawiri: poyamba munthu apinde yekha mpaka pamene angathe, kenako ndimupinde ine pang'onopang'ono mpaka mfundo ikane. Ndipo pambali pa nambala iliyonse ankafuna nthawi, ndi zimene munthuyo anachita asanabwere.

"Wabwera pansi kapena pa njinga? Wagona bwanji? Wamwa mapilitsi? Kukuzizira? Mukasiya zimenezi mwalemba za munthu wina," ankatero.

Zinapita mvula ziwiri, mwina zitatu. Maso a bambo Likoswe anayamba kuchita nkhungu, manambala ankawerenga atayandikitsa rula pamphuno. Tsiku lina ana awo anabwera ndi galimoto kudzawatenga. Anandisiyira rula yawo yachiwiri, yofufuta, ndi kalata yonena kuti ndimaidziwa ntchito. Chipindacho anachitseka ndi loko. Chigongono changa chinaima pa madigiri 10, ndipo ndi pamene chili mpaka lero.

Ndinakwera lole ina. Inanditula kumapiri a tiyi, kumene nkhungu imagona m'minda mpaka dzuwa litakwera. Kumeneko kunali kachipatala ka antchito, ndipo nakonso kanali ndi khonde, ndi benchi kumapeto kwake. Anawerenga kalata yanga nandilemba ntchito. Dokotala ankabwera Lachinayi lokha, masana, pa galimoto yoyera. Ntchito yanga inali yoyeza odandaula mafupa iye asanalowe, ndi kulemba pa fomu, kuti iye awerenge n'kunena ngati munthu apitirize kuthyola tiyi kapena apatsidwe ntchito yopepuka kushedi. Fomuyo inali ndi kabokosi kamodzi ka nambala. Ka nthawi kanalibe.

Lachinayi lina kunabwera mayi Matewere, wothyola tiyi, wamtali, wa ana anayi. Anali atayenda kuchokera kukomboni, kutsika phiri limodzi ndi kukwera lina, dzuwa lili pamutu. Anagona pabedi, ndinapinda bondo lakumanja. Linapita bwino, 120. Lakumanzere 118. Koma mawondo onse anali ofunda m'manja mwanga, ndi otupa pang'ono m'mbali.

"M'mawa mumakhala bwanji?" ndinawafunsa.

"M'mawa sindikhala munthu, achemwali. Ndimatuluka m'nyumba chokwawa. Kuti ndiimirire, mwana andikoke. Mawondowa amakhala ngati athiramo simenti, mpaka cha m'ma naini."

"Nanga kumunda mumapita nthawi yanji?"

"Belu limalira sikisi."

Ndinatenga cholembera kuti ndilembe zimenezi m'mphepete mwa fomu. Kalaliki amene ankasonkhanitsa mafomu anandigwira dzanja.

"Musadetse pepala, mayi. Ku ofesi amabweza. Nambala yokha basi."

Galimoto yoyera inali itaima kale panja. Pabenchi panali anthu khumi ndi awiri. Ndinalemba 120 ndi 118. Ndinati mumtima ndimuuza dokotala pakamwa. Iye analowa mothamanga, ndipo pamene ankafika pa fomu ya mayi Matewere ine ndinali kuseri, ndikuyeza phewa la munthu wina. Analemba kuti angathe kugwira ntchito.

M'mwezi wozizira, m'mawa wina, mayi Matewere ankatsika mzere wa tiyi dengu lili kumsana. Phazi linatsetsereka pa udzu wonyowa, mawondo anakana kupinda, anagwa chiimire ngati mtengo. Fupa la m'chiuno linathyoka. Anawatengera kuchipatala chachikulu, ndipo atabwerako sanathyolenso tiyi.

Ndinapita kukawaona kukomboni. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhomo, mwana wawo wamkazi akuwapesa tsitsi. Anandilandira bwino, anauza mwanayo andipatse mpando. Tinacheza za kuzizira. Ndikutsanzika anati:

"Munandifunsa za m'mawa, achemwali. Ndinakuuzani."

Sabata yomweyo ndinamanga katundu.

Zaka zotsatira ndinayenda m'malo ambiri amene sindingawasiyanitse. Tauni ya msika waukulu wa anyezi. Mudzi wa oumba njerwa. Mishoni ya belu losweka. Paliponse pankapezeka khonde ndi benchi, ndi wina wondilola kuyeza anthu m'malo mwa chakudya ndi pogona. Ndinali nditasintha kachitidwe. Aliyense ndinkamuyeza m'mamawa, tambala atangotsika, munthu asanatenthe thupi. Ndinkakhulupirira kuti m'mawa ndi pamene mafupa amanena zoona.

Ndi chikhulupiriro chimenechi ndinatsikira kuchigwa chotentha, kwa malambe ndi thonje, kumene usiku umatentha ngati usana. Kumeneko ndinakumana ndi a Malikebu, bambo wa kabaza, wazaka makumi anayi, wokonda kuseka. Bondo lawo lakumanja linavulala kale pamene anagundana ndi ngolo. Anabwera pabenchi dzuwa lisanatuluke monga ndinawauzira. Bondo linapinda 130, linawongoka mpaka ziro, lopanda kutupa.

"Bambo, bondo ili lilibe vuto," ndinatero. "Likuposa langa."

Anaseka mpaka anagwira benchi.

"Mayi inu, mwandiitana nthawi imene bondo langa lili pa tchuthi. Mubwere pasiteji folo koloko, mudzalipeze lili pa ntchito."

Sindinafune kupita. Koma ndinapita. Siteji inali pansi pa mlambe, njinga zitatsamira mzere. A Malikebu anafika ndi mayi wina ndi thumba la mpunga, ulendo wawo wachisanu ndi chinayi tsikulo. Potsika anatsikira kumanzere, mwendo wakumanja ataugwira ndi dzanja. Anakhala pamuzu, napinda thalauza. Bondo linali litatupa ngati dzungu. Linapinda 85 basi, ndipo nditayesa kuliwonjezera anagwira mkono wanga, kuseka kutatha.

"Tsiku lililonse?" ndinafunsa.

"Kupatula Lamulungu. Kuchipatala ndapitako katatu. Amati tizifika m'mawa kuti tipeze malo pamzere. Ndikafika, bondo lili bwinobwino, amandipatsa panado."

Anzawo a kabaza anali atatizungulira. Wina anati, "Mulembe kuti ndi lowola, mayi, amuthandize." Ndinati sindilemba kuti ndi lowola, ndilemba zimene ndapeza. Ndinang'amba pepala m'kope langa n'kulemba mizere iwiri. Wa m'mawa, atagona usiku wonse. Wa madzulo, atapalasa maulendo asanu ndi anayi. Ndinachita zimenezi masiku anayi otsatizana, ndipo tsiku lachisanu ndinawaperekeza a Malikebu kuchipatala, masana, atapalasa kale. Tinadikira mpaka mzere unatha. Dokotala wamkazi amene anatsala anawerenga pepalalo kawiri, anagwira bondo, anapopa madzi achikasu ndi jakisoni, nawalembera kalata ya kuchipatala cha mafupa.

Sanachire kwathunthu. Anakweza chishalo cha njinga, anayamba kunyamula anthu m'mawa wokha, masana n'kumamata matayala pansi pa mlambe paja, mwendo ataukhazika pa ndowa. Ndikuchoka anandinyamula pa njinga yawo mpaka kumsewu waukulu, m'mamawa, akuimba.

Kuyambira pamenepo sindinakhulupirirenso nthawi imodzi. Ena amauma akagona, ena amatupa akagwira ntchito. Ena kuzizira, ena mvula ikayandikira. Ndinkafunsa munthu kuti nthawi yake yoipa ndi iti ndi yabwino ndi iti, n'kupita zonse ziwiri. Zinkatenga masiku, ndipo m'malo ena ankandithamangitsa chifukwa chochedwetsa mzere.

Sindikudziwa kuti zala zanga zinayamba liti kuuma. Ndinangozindikira m'mawa wina kuti rula yagwa pansi kawiri, ndi kuti kamsomali sindikutha kukakhazika pamfundo. Pofika masana zinkamasuka. Ndinaidziwa nyamakazi imeneyo, ndinali nditaigwira m'manja a anthu ambiri. Ndinapitiriza kuyenda.

Mudzi wotsiriza umene ndikufuna kunena unali pachidikha cha mtedza, wa nyumba za njerwa zosawotcha, wopanda chipatala, wopanda khonde. Lole inanditula pamjigo, masana. Panali mayi wina akupopa madzi, wocheperapo kwa ine, ndipo ndinaona kuti akupopa ndi zikhatho, zala zili m'mwamba. Mfundo za zala zake zinali zotupa. Ndinamupempha madzi akumwa, kenako ndinamupempha kuti ndione manja ake. Anati dzina lake ndi Nangozo. Anandiyang'ana, kenako anati:

"Ngati mumadziwa za manja, tiyeni mukagone kwathu. Loweruka kukubwera ankhoswe."

M'njira anandifotokozera. Anakwatiwa pachitengwa, mudziwo unali wa amuna ake, a Chikadza. Kwa chaka chathunthu m'mawa sankatha kugwira khasu. Ankapita kumunda n'kungoima, mpini ukupulumuka m'manja. Koma masana ankatunga madzi, ankaphika, ndipo Lachitatu ankapita kukwaya kumene anthu ankamuona akuwomba m'manja. Alamu ake anayamba kunena. Amuna ake anapirira mpaka nthawi yopalira, kenako anatuma uthenga kwa ankhoswe kuti adzatenge munthu wawo.

"Ana atatu atsala kuno," anatero. "Ndiye mwambo wake."

A Chikadza anali munthu wowonda, wosalankhula kwambiri, wa manja olimba ngati khungwa. Sanandikane pogona, komanso sanabise maganizo awo.

"Mayi, inu ndinu mlendo, sindikunyozani. Koma ine ndimaona ndi maso angawa. Matenda odziwa nthawi ya kumunda ndi nthawi ya kwaya, amenewo ndi matenda anji? Ekala ziwiri ndikupalira ndekha."

"Lero ndi Lachiwiri," ndinatero. "Ndipatseni masiku atatu. Koma m'mawa zala zanga sizigwira, ndiye rula muzigwira ndinu."

Anavomera, ndikuganiza chifukwa cha ulemu chabe.

Lachitatu kusanache bwino tinakhala pakhomo atatu. Ndinauza Nangozo kuti afumbate dzanja. Zala zinapinda pang'ono n'kuima m'malere. Ndinasonyeza a Chikadza poika rula, kuchokera kunsonga ya chala chapakati kufika pachikhatho. Anawerenga okha: masentimita asanu. Ndinalemba, ndi nthawi yake. Masana atabwerako kumunda anayezanso: awiri. Madzulo, Nangozo atabwerako kukwaya: theka.

"Mwaona?" anatero a Chikadza. "Akafuna zimapinda."

"Mwina," ndinayankha. "Mawa tiyesa njira ina."

Lachinayi m'mawa sindinauze Nangozo kuti afumbate. Ndinamuuza kuti asiye dzanja lake m'manja mwa amuna ake, lifooke ngati la munthu wogona, ayang'ane kumbali.

"Bambo, zipindeni ndinu. Pang'onopang'ono. Munthu akamalimbitsa dala, mumamva mnofu ukukoka apa, pamkono. Ikani dzanja linalo pamenepa mumve."

Anaika. Mkono unali wofewa. Anayamba kupinda zala, ndipo zinayenda pang'ono n'kuima. Anawonjezera mphamvu. Nangozo anakoka mpweya m'mano, koma sanachotse dzanja.

"Basi, musapitirire," ndinatero. "Mukumva chiyani?"

Chala chawo chachikulu chinali pamfundo yotupa.

"Pakutentha," anatero.

"Nanga pamkono?"

"Palibe chikukoka."

Ndinatenthetsa madzi, ndinathira m'beseni, Nangozo anaviika manja. Ndinaviikanso anga. Patapita kanthawi a Chikadza anapindanso zala zija, ndipo zinapita patsogolo. Anayeza okha osauzidwa: atatu. Anayang'ana rula, anayang'ana akazi awo, kenako ananyamuka n'kupita kumunda. Masana sanabwere kudzayeza. Madzulo anabwera, anatenga dzanja la Nangozo, nalipinda mpaka zala zinakhudza chikhatho. Anachita zimenezi kawiri.

"Ndiye ndi dzanja lomwelo," anatero, osati kwa ife.

Lachisanu a Chikadza anandifunsa mafunso ambiri tili awiri kuseri kwa nkhokwe. Ngati amachira. Ndinati sindingalonjeze, koma kuchipatala cha boma kuli mankhwala amene amachepetsa kutupa ngati munthu wafulumira, ndipo pano chaka chathunthu chadutsa kale. Ngati ndi zolodzedwa. Ndinawaonetsa zala zanga n'kunena kuti ine palibe amene amandidziwa mokwanira kuti andilodze. Ngati angagwirenso khasu. Ndinati mwina masana, pang'ono, mpini utakulungidwa nsalu. M'mawa ayi. Ndinalemba kalata ya kwa dokotala, manambala onse a masiku atatu ndi nthawi zake, n'kuwauza kuti akafika kuchipatala masana adzapereke pepalalo dzanja lisanaonedwe.

Loweruka ankhoswe anabwera, amalume ake a Nangozo ndi mkulu wina wa kuchimuna. Anakhala pansi pa mtengo wa mango. Ine sindinali wa pabanjapo, ndinakhala kukhitchini. Ndinamva mawu a Chikadza akulankhula nthawi yaitali kuposa masiku onse amene ndinakhala pamenepo, kenako mawu a mlamu wina wamkazi akukwera, kenako a Chikadza akuti, "Ndagwira ndekha, mlongo wanga. Inu simunagwire." Pambuyo pake anayamba kukambirana za amene aperekeze wodwala kuboma Lachiwiri. Amalume aja anabwerera okha.

Nangozo sanasangalale monga ndinkayembekezera. Madzulo amenewo tikusenda mtedza anati:

"Chaka chonse ndinkawauza. Anakhulupirira pulasitiki."

"Anakhulupirira manja awo," ndinatero.

"Eya. Osati pakamwa panga."

Sindinamutsutse. Anapitiriza kusenda ndi zikhatho.

Ndinachoka Lolemba m'mamawa. Nditatuluka ndi chikwama changa ndinapeza moto uli kale pamafuwa. A Chikadza anali atagwada, akuthira madzi otentha m'beseni, akuyesa ndi chala, akuwonjezera ozizira. Anaika beseni patsogolo pa akazi awo osawayang'ana kumaso. Nangozo anaviika manja.

Kenako bamboyo anapita kukhoma, anatenga makasu awiri monga ankachitira masiku onse, naika paphewa. Anayenda mpaka kumapeto kwa bwalo. Pamenepo anaima. Anabwerera, anatsamiritsa khasu limodzi pakhoma, n'kupita kumunda ndi limodzi.